Seva izingoyenda yokha kuseri, ndipange bwanji?

Tiyamike: Mwadzuka bwanji nonse. Ndithandizeniko nzeru. Ndikupanga app ya pa foni ya Flutter ya sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi. API yake ndi ya Django, akulemba ndi mnzanga amene tikugwirira limodzi ntchitoyi. Ineyo API sindiikhudza kwenikweni, koma ikapanda kuyenda app yanga ilibe cholankhula nacho. Ndiye m'mawa uliwonse ndimatsegula ma terminal angapo, ina ya runserver (seva yoyesera ya Django), ina ya Celery (yogwira ma task kuseri), ina ya Redis (yosungira data), ndisanayambe n'komwe ntchito yanga. Windo imodzi ikangotsekeka seva yafa, app pa foni ikungozungulira. Magetsi akathima batire n'kutha, ndiye kuyambiranso zonse. Kodi palibe njira yoti zimenezi zizingoyenda zokha kuseri ngati mmene Apache imachitira? Laputopu ndi ya Ubuntu 24.04, RAM 8GB.

Kondwani: Tadzuka achemwali. Yachangu ndi iyi:

`nohup python manage.py runserver &`

Chimene chikukupherani seva ndi chizindikiro chotchedwa SIGHUP. Terminal ikamatsekedwa, chizindikirochi chimapita kwa mapulogalamu onse amene anayambira mmenemo, ndipo ambiri akachilandira amafa. nohup imachititsa kuti pulogalamu isachimvere. Zonse zimene bwenzi zikuoneka pa sikirini zizipita mu fayilo ya nohup.out.

Limbani: Amwene nohup musawapatse achemwaliwa. Lero ziyenda bwino, mawa adzalemba runserver mwachizolowezi n'kulandira "Error: That port is already in use", osadziwanso kuti chagwira port 8000 ndi chiyani. Komanso runserver si process imodzi, ndi ziwiri. Yoyamba imangoyatsa yachiwiri n'kumaidikirira, yachiwiriyo ndi imene imagwira port. Munthu akakwiya n'kupha yoyamba ija ndi kill -9, yachiwiri imatsala yokha, port ili m'manja mwake. Ndipo magetsi akathima nohup siikudzutsirani kanthu.

Kondwani: Zoona, ndinangoti yachangu. Ineyo ndimagwiritsa tmux. Mulembe `tmux new -s sitolo`, muyatse zonse mmenemo, mudine Ctrl+b kenako d, basi mwatuluka koma zinthu zikuyendabe. Pofuna kubwerera ndi `tmux attach -t sitolo`. Windo itsekeke, isatsekeke, zilibe kanthu.

Za port zija, woigwira amapezeka ndi `ss -ltnp` kapena `lsof -i :8000`.

Tiyamike: tmux ndaimvapo. Koma kompyuta ikazima n'kuyakanso?

Kondwani: Pamenepo tmux yafanso. Muyatsenso pamanja.

aNaphiri: Ndayamba ndawerenga kaye zonse. Tiya, ndisanayankhe ndikufunseni: mwa zinthu zimene mumayatsa m'mawazi, ndi ziti zimene mumasintha khodi yake masana onse?

Tiyamike: Palibe, amayi. Yanga ndi Flutter basi. Ya Django ndimangochita git pull mnzanga akandiuza kuti wakankha zatsopano.

aNaphiri: Ndiye nkhani yanu ndi yosavuta kuposa ya anthu ambiri amene amafunsa funso lomweli. Nyemba mukhoza kuzisiya pa mbaula n'kumakachita zina, koma nsima imafuna muli pomwepo ndi mthiko. Chimene simukuchisintha chiyende kuseri. Chimene mukuchisintha chikhale pamaso panu. Kwa inu API yonseyo ndi nyemba.

Tiyambe ndi Redis. Ngati munaiika ndi apt, ili kale ndi service yake, sipafunikanso terminal. Lembani `systemctl status redis-server` muone. Ngati ili yozima, `sudo systemctl enable --now redis-server`. Postgres chimodzimodzi, kungoti pa Ubuntu `systemctl status postgresql` imaonetsa "active (exited)" ndipo anthu amadzidzimuka nazo. Imeneyo ndi service yongokutira zinzake. Pofuna kuona ngati database ilidi moyo, lembani `pg_lsclusters`.

Tsopano Django. Ubuntu yakhala ikuyendera systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuyang'anira ma service, kuyambira 15.04, mu 2015, ndipo ambiri amadziwa ma service a makina onse okha, aja ofuna sudo. Koma munthu aliyense wa pa kompyutapo ali ndi systemd yakeyake. Pa ntchito ngati yanuyi gwiritsani imeneyo. Seva imayenda m'dzina lanu, mafayilo amene ipange amakhala anu, osati a root, ndipo sudo safunika paliponse. Pangani fayilo iyi, `~/.config/systemd/user/sitolo-api.service`:

```
[Unit]
Description=API ya sitolo

[Service]
WorkingDirectory=%h/ntchito/sitolo
ExecStart=%h/ntchito/sitolo/venv/bin/python manage.py runserver 127.0.0.1:8000
Restart=on-failure
RestartSec=3

[Install]
WantedBy=default.target
```

%h ikuimira foda yanu ya home. Mukasunga, `systemctl --user daemon-reload`, kenako `systemctl --user start sitolo-api`. Zolemba zake muziona ndi `journalctl --user -u sitolo-api -f`. Mayina a mafoda musinthe agwirizane ndi anu.

Yamikani: Akuluakulu ndikutsatira nawo, ine ndi wa Windows, ndifunsa zanga mukamaliza izi.

Tiyamike: Redis inalidi ikuyenda kale. N'chifukwa chake nthawi zina ndikalemba redis-server imakana ponena za port 6379. Koma ya API yakana. status ikuti "status=203/EXEC".

aNaphiri: 203 ndiye kuti systemd sinapeze pulogalamu imene mwaitchula pa ExecStart, kapena yaipeza koma siyoyatsika. Foda ya virtualenv dzina lake ndi venv kapena .venv? Lowani mu virtualenv ngati mwa masiku onse mulembe `which python`, chimene chituluke mukopere pa mzerewo. Mukadzaona 200/CHDIR, vuto lidzakhala pa WorkingDirectory.

Tiyamike: Ndi .venv. Ndasintha, 203 yachoka. Pano ikudandaula kuti SECRET_KEY palibe.

aNaphiri: Eya, apa ndi pamene pamagwa anthu ambiri, ndiye ndifotokozeko bwino. Mukatsegula terminal, bash imawerenga .bashrc, inu n'kuchita activate, mwinanso `source .env`. Zonsezo ndi zochitika mu shell yanu. systemd siidutsa mu shell imeneyo, ndiye chilichonse chimene munazolowera kuti chimangopezeka, kwa iyo kulibe. Mukuyenera kuiuza. Onjezani pansi pa [Service]:

```
EnvironmentFile=%h/ntchito/sitolo/.env
Environment=PYTHONUNBUFFERED=1
```

Tsegulaninso .env muone mmene analembera. Ngati mizere ikuyamba ndi `export`, systemd siimva, imangoidumpha. Imafuna DZINA=chinthu basi. Komanso siisintha zinthu ngati $HOME zolembedwa mkati mwa fayiloyo.

Mzere wachiwiriwo ndi wa print(). Python ikaona kuti sikulembera terminal, imasunga kaye zolemba mpaka zichuluke, ndiye mnzanu akaika print kuti muone china, mudzadikira osachiona mu journalctl.

Ndipo nthawi iliyonse mukasintha fayilo ya .service, daemon-reload kaye, kenako restart.

Madalitso: A Node nawonso amve zimenezi. Amene anaika node kudzera pa nvm, node wawo amakhala mkati mwa `~/.nvm/versions/node/` ndipo amapezeka chifukwa cha .bashrc yokha. Ukalemba ExecStart=node pa systemd, mwina osampeza, mwinanso kupeza node wina wakale woikidwa ndi apt, n'kumadabwa kuti khodi yomweyo ikukana bwanji.

Tiyamike: Zatheka! .env inali ndi export paliponse. Sindinafune kusintha ya mnzanga, ndapanga ina yanga yopanda export. Ndatseka ma terminal onse, API ikuyankhabe. Zikomo kwambiri amayi.

Kondwani: Ndasangalala kuti zayenda. Koma amayi mundilole nditsutseko pang'ono, chifukwa pagulu pano pali ana asukulu ambiri amene akopera fayilo ija osamva funso lanu loyamba lija. Wolemba backend asachite zimenezi. Ukaika breakpoint() mu view, pdb, debugger ya Python, imafuna kiyibodi yako. Pa systemd polowera zolemba pamalumikizidwa ku /dev/null, ndiye pdb ikangotsegula imapeza kuti palibe woilankhula, imadzitseka, request n'kugwa ndi BdbQuit. Mu tmux umangobwerera pa windo ija n'kupeza pdb ikukudikirira. Chinanso, seva ikakhala pamaso pako umaona machenjezo amene sumawafunafuna: migration imene sunaiyendetse, query imene ikubwerezedwa kambirimbiri, 404 ya fayilo ya CSS. Mu journalctl umapitamo zinthu zitavuta kale.

aNaphiri: Palibe chotsutsana apa a Kondwani, mwanena zoona. Wa backend ayatse runserver pamaso pake. Ndingoonjezapo kuti ofuna debugger seva ili kuseri ali ndi debugpy, imene imamvera pa port, kawirikawiri 5678, VS Code n'kulumikizako. Koma ndi ntchito yoonjezera imene munthu wa tmux saiona n'komwe.

Kondwani: Ndiye tili limodzi.

Limbani: Sitinamalize, Celery yatsala, ndipo pa zonsezi imene imandiopsa kwambiri ndi imeneyo. runserver imadziyatsanso khodi ikasintha. Worker wa Celery sachita zimenezo, amawerenga khodi kamodzi pamene akuyatsidwa, basi. Pamalo ena pamene ndinagwirapo ntchito tinasintha kawerengedwe ka ndalama za pa risiti, ma test onse anadutsa, koma marisiti otuluka pa makina oyesera anali akalebe. Anthu anafufuza mu database, mu cache, mpaka kukayikirana. Chinali worker amene anayatsidwa kuseri kalekale ndipo aliyense anamuiwala. Akanakhala pa terminal wina akanamuona.

Ndiye achemwali, service yachiwiri ya Celery mupange, koma mukangochita git pull muzilemba `systemctl --user restart sitolo-api sitolo-celery`. Mayina awiri pa mzere umodzi zimatheka.

Madalitso: Kapena amukute ndi `watchmedo auto-restart`, ya mu phukusi la watchdog. Imayang'anira mafayilo a .py n'kumuyatsanso worker yekha.

Limbani: Kwa wolemba ma task tsiku lonse, inde. Kwa amene amangochita pull mwa apo ndi apo, kalemba (script) kamodzi kochita pull, pip install, migrate ndi restart n'kokwanira. Zoyenda kuseri zichepe.

Tiyamike: Ndapanga ya Celery, ikuyenda. Funso lina. Ndinafuna kuyesa Restart ija, ndapha process ndi kill, koma sinadzukenso. Ndalakwitsa pena?

aNaphiri: Ayi, yachita zoyenera. kill wamba amatumiza SIGTERM, kumene ndi kupempha pulogalamu kuti itseke mwaulemu, ndipo systemd siiwerengera kutseka kotere ngati kugwa. on-failure imadzutsa chimene chagwa chokha kapena chaphedwa mwankhanza, ngati ndi kill -9. Ilipo Restart=always imene imadzutsa zivute zitani, koma pa laputopu yogwirira ntchito sindiikonda. Tsiku lina mudzafuna port 8000 pa ntchito ina, mudzapha chimene chaigwira, chidzabwerera, mudzaphanso, chidzabwereranso. Chizolowezi chabwino n'chakuti chimene mwayatsa ndi systemctl muzizimitsa ndi `systemctl --user stop`. Ubwino wake stop imatseka ma process onse a service imeneyo, kuphatikizapo wachiwiri uja a Limbani amanena, ndiye palibe wotsala ndi port.

RestartSec=3 ndinaiika dala. Mukapanda kuiika, systemd imangodikira 100ms, ndipo service ikayatsidwa koposa kasanu m'masekondi 10 imaisiya n'kulemba "start request repeated too quickly". Zikatero mukonze vutolo, kenako `systemctl --user reset-failed`.

Yamikani: Ndifunse tsopano akuluakulu? Ine Windows 11, ndikuphunzira Node ndi Express, project ya kusukulu. Anzanga a PHP amangochonga kabokosi mu XAMPP, Apache ndi MySQL n'kumayaka zokha ngati service. Ine nditani?

Madalitso: Funso la amayi lija likukukhudza aise. Express imeneyo akulemba ndani?

Yamikani: Ndine ndemwe.

Madalitso: Ndiye usaibise. Tsegula terminal ya mkati mwa VS Code, lemba `node --watch index.js` kapena nodemon, izikhala pansi pa khodi yako pomwepo. Database yokha ndiye ikhale service, ndipo Postgres kapena MySQL ukaziika pa Windows zimadzilembetsa zokha, ukazipeza mu services.msc. Tsiku limene udzafunedi kuti pulogalamu wamba ikhale service ya Windows, pali kachida kotchedwa NSSM. pm2 imayenda pa Windows, koma `pm2 startup` yoti zizidzuka kompyuta ikayaka ndi ya Linux ndi Mac. Ukaona EADDRINUSE, kutanthauza kuti port yagwidwa kale, `netstat -ano | findstr :3000` ikupatsa PID, kenako `taskkill /PID` ndi nambalayo.

Yamikani: Nanga WSL, ija yoyendetsa Linux mkati mwa Windows? Ndinaika Ubuntu mmenemo. Fayilo ya amayi ija ingagwire?

aNaphiri: Ingagwire. Microsoft inalowetsa systemd mu WSL mu 2022. Mu `/etc/wsl.conf` mukhale [boot] ndipo pansi pake systemd=true, kenako `wsl --shutdown` ku PowerShell n'kutsegulanso. Koma dziwani kuti ma service a systemd saletsa WSL kuzima. Mukatseka ma windo onse a Ubuntu, pakapita kanthawi imagona pamodzi ndi ma service ake. Ndiye kuseri kwa mu WSL si kofanana ndi kwa pa Linux yeniyeni.

Khodi muziisunga mkati mwa Linux, osati pa /mnt/c. Kumeneko kuwerenga mafayilo n'kochedwa, ndipo nodemon nthawi zambiri saona kuti fayilo yasintha.

Yamikani: Aaa, n'chifukwa chake nodemon samadzuka. Project ili pa Desktop. Zikomo amayi, ndisamutsa usiku uno.

Limbani: Ine ndinenebe, ngakhale ndikudziwa kuti a Kondwani akana. Zonsezi Docker Compose inamaliza kale. Fayilo imodzi mu repo, `docker compose up -d`, pa service iliyonse `restart: unless-stopped`, ndipo mnzawo wa achemwaliwa ali ndi zofanana ndendende ndi zawo: Postgres yomweyo, Redis yomweyo, Python yemweyo. Fayilo ya systemd ija ili pa laputopu imodzi, wachitatu akadzalowa pa ntchitoyi adzayambira pa 203 pomwe paja.

Kondwani: Sindikana kuti ndi yabwino amwene. Ndikana kuti ndi yaulere. Image ya python yathunthu ndi mazanamazana a MB, kuonjezapo Postgres, ndipo requirements ikangosintha pip imakatenganso zonse ngati Dockerfile sinalembedwe mosamala. Amene ali pa fibre ya ofesi saziona. Amene akugula bandulo ndi ndalama ya m'thumba amaziona. Achemwaliwa ali kale ndi Postgres ndi Redis zoyenda bwino, akataye bandulo chifukwa chiyani?

Limbani: Pali ma image a slim ndi alpine. Komanso `docker save` ndi `docker load`, mmodzi akakoka pa wifi ena n'kutengera pa flash.

Tiyamike: Kwa ine vuto ndi RAM. Android Studio, Gradle ndi Chrome zikayaka pamodzi, 8GB yatha kale.

Limbani: Pa Linux, Docker Engine yokha siidya kwambiri chifukwa palibe makina ena oyenda mkati. Yolemera ndi Docker Desktop, imene imayendetsa VM. Koma ndamva, pa anthu awiri zimene mwapangazi zikukwanira. Mukadzafika anayi kapena asanu mudzaiganizirenso. Pakadali pano mafayilo a .service awiriwo muwaike mu repo, mu foda yawoyawo, ndi mizere ingapo mu README.

Tiyamike: Zimenezo ndichita. Tsopano china chimene chikundivuta. Emulator imafika pa API kudzera pa 10.0.2.2, koma imalemera, ndiye ndimakonda kuyesera pa foni yeniyeni. Kale ndimalemba runserver 0.0.0.0:8000 n'kuika IP ya laputopu mu app. Ndisinthe fayilo ija ikhale 0.0.0.0?

aNaphiri: Chonde ayi. Pa zonse takambirana lero, apa ndi pamene ndikupemphani mundimvere.

127.0.0.1 ndiye kuti seva ikumva za pa kompyuta yanu yokha. 0.0.0.0 ndiye kuti ikumva aliyense amene muli naye pa netiweki imodzi. Pamene mumayatsa pamanja, khomo limenelo limatseguka kwa ola limodzi kapena awiri, mukudziwa, n'kulitseka ndi Ctrl+C. Mukalemba mu service, likhala lotseguka kulikonse kumene laputopu yapita: pa wifi ya ku hub, ya ku lodge, ya ku msonkhano, inu mutaiwala kuti kuli chinthu chikuyenda. Ndipo chikuyendacho chili ndi DEBUG=True. Tsamba lachikasu lija la Django limaonetsa khodi, mayina a mafoda, zimene zinali mu ma variable, ndi ma settings. Limabisa okhawo amene dzina lawo lili ndi mawu ngati KEY, SECRET, PASS kapena TOKEN. Setting imene mnzanu anaitcha dzina lina, password ili mkati, ioneka poyera. A Flask ndiye zoopsa kuposa apa, chifukwa debugger ya Werkzeug imalola kuyendetsa khodi kuchokera pa browser, chotchinga ndi PIN yokha. Eni ake a Django analemba okha kuti runserver sinaunikidwe pa za chitetezo.

Ndiye ndikufunseni mosabisa, mu database ya pa laputopu yanuyo muli mayina ongopeka kapena a makasitomala enieni?

Tiyamike: Muli enieni amayi. Eni sitolo anatipatsa mndandanda wa alimi amene amatenga katundu pa ngongole kuti tiyesere. Mayina, manambala a foni ndi ngongole zawo.

aNaphiri: Ndiye mukuona. Mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza sanavomere kuti mbiri yake izipezeka pa wifi ya malo odyera. Ndikanakonda mukambirane ndi mnzanu kuti mayina ndi manambalawo asinthidwe akhale opeka, ziwerengero zokha zitsale. Koma lero lomwe, seva ikhale pa 127.0.0.1.

Kondwani: Ndipo 0.0.0.0 simukuifuna n'komwe achemwali. Lumikizani foni ndi chingwe, USB debugging ikhale yoyatsa, mulembe:

`adb reverse tcp:8000 tcp:8000`

Zikatero foni ikaitana 127.0.0.1:8000 ikufika pa laputopu yanu kudzera m'chingwe. Palibe wifi, palibe kusaka IP imene imasintha tsiku ndi tsiku, palibe kukhudza ALLOWED_HOSTS, chifukwa DEBUG ikakhala True ndipo mndandandawo uli wopanda kanthu Django imalola kale localhost. Zimagwira kuyambira Android 5.0. Mukazula chingwe muyenera kulembanso, basi.

Tiyamike: Ndayesa, zagwira nthawi yomweyo. Imeneyi sindimaidziwa. Ndiye ngakhale rauta itazima ndi magetsi ndizigwirabe ntchito.

Limbani: A Docker nawonso amve apa, chifukwa ife ndiye timagwa kwambiri. Ukalemba "5432:5432" mu compose, port imeneyo yatsegukira netiweki yonse, ndipo Docker imaika malamulo akeake a firewall amene amalambalala ufw, firewall ya Ubuntu. Munthu amaona ufw ikuti deny n'kumagona mtima uli m'malo, Postgres ili poyera. Muzilemba "127.0.0.1:5432:5432". Redis ndiye makamaka, popeza ambiri timaiyendetsa yopanda password.

Madalitso: Chimodzimodzi ma tunnel. Amene mumayesa ma callback a mobile money ndi ngrok kapena cloudflared, chimenecho musachipange service. Ndi khomo lochokera pa intaneti yonse kulowa pa laputopu yanu. Yatsani, yesani, zimitsani.

Pa Mac, kwa amene ali nayo, zofanana ndi za amayi zija ndi launchd, mafayilo a plist mu `~/Library/LaunchAgents`, koma ambiri kuno ku Joni timangolemba `brew services start` ndi dzina la database. Ndipo a Flask, kuyambira macOS Monterey port 5000 inatengedwa ndi AirPlay Receiver. Musavutike kusaka process yanu, sinthani port kapena zimitsani AirPlay Receiver mu settings.

Tiyamike: Chatsala ndi cha magetsi chija. Ndalemba `systemctl --user enable sitolo-api sitolo-celery` n'kuyatsanso kompyuta. Celery yadzuka bwino. API status ikuti active, koma app sikufika, ndipo `ss -ltnp` sikuonetsa 8000. Nditachita restart pamanja yayenda.

aNaphiri: Onani mu journalctl mizere ya nthawi imene kompyuta imayaka. Ndikuganiza mupeza "Exception in thread django-main-thread" ndi OperationalError ya database.

Tiyamike: Ndi zomwezo.

aNaphiri: API inadzuka Postgres isanakonzeke. Makamaka kompyuta ikazima mwadzidzidzi, Postgres imayamba yawerenga kaye WAL yake, kaundula wa zosintha za mu database, kuti ikonze zimene zinali pakati, ndiye imachedwerapo. runserver poyamba imafunsa database za ma migration. Ikalephera, mbali imene imatsegula port imafa, koma mbali yoyang'anira mafayilo imakhalabe moyo kudikira kuti musinthe khodi. systemd ikuona process yamoyo, ndiye kwa iyo zonse zili bwino, Restart siigwira.

Wina akuuzani kuti muike After=postgresql.service. Pa service ya --user sizithandiza, chifukwa systemd yanu siiona ma service a makina onse. Ikani ichi pamwamba pa ExecStart:

`ExecStartPre=/usr/bin/pg_isready`

Database ikakhala isanakonzeke, pg_isready imalephera, service imawerengedwa kuti yagwa, pakapita masekondi atatu aja imayesanso mpaka zitheke.

Kondwani: Pa enable pomwepo ndifunseko achemwali. Laputopuyi ndi ya ntchito yokhayi? Chifukwa runserver, pokhapokha mutaika Watchman, imayendera mafayilo a project sekondi iliyonse kuona ngati asintha. Celery nayo ukapanda kuiuza imayatsa ma worker ochuluka ngati ma core a CPU, aliyense ndi RAM yake. Loweruka mukuonera filimu pa batire, zonsezo zikudya. Pa 8GB ndi magetsi athuwa, ine ndikanasiya enable, n'kupanga alias imodzi yoyatsa ndi ina yozimitsa.

aNaphiri: Mfundo yabwino. Pali njira yapakati. Poti Tiya sasintha khodi ya API, aike `--noreload` pa runserver, kuyendera mafayilo kuja kutha, process n'kukhala imodzi. Zikatero database ikasowa seva imafa yonse, Restart n'kugwira bwino. Pa Celery aike `--concurrency=1`. Restart ya pambuyo pa git pull ija ndiye yasanduka lamulo pa zonse ziwiri.

Madalitso: Nanga linger amayi? Sindinaone mukuitchula.

aNaphiri: Ndinaisiya dala. Ma service a --user amadzuka mwini wake akalowa, n'kuzima akatuluka. `loginctl enable-linger` imawachititsa kudzuka kompyuta ikangoyaka, munthu asanalowe. Zimenezo n'zofunika pa kakompyuta ka pakona ka mu ofesi kamene anzanu amalumikizako. Pa laputopu ya munthu mmodzi palibe amene akufuna API mwini wake asanalembe password. Ndipo kakompyuta ka pakonako kakafika pogwiritsidwa ntchito ndi anthu ena, runserver ichokepo, pabwere gunicorn ndi nginx, DEBUG izime.

Tiyamike: Ndaika pg_isready, --noreload ndi --concurrency=1. Enable ndaisiya ikhalepobe pa masiku ano pamene ntchitoyi ili yothina, tikapereka app ndidzachita disable. Ndazimitsa kompyuta ndi batani dala kuti ndione, itayaka journalctl ikuonetsa kuti inayesa, inalephera, kenako inadzuka yokha. Za mayina a alimi ndamulembera mnzanga, wati apanga kalemba kosintha mayina ndi manambala mawa.

Yamikani: Achemwali mukaika mafayilo aja mu repo mutiponyereko kuno, .env yokha musaphatikize. Ndikufuna ndione ya Celery mmene mwailembera.

Tiyamike: Ndiponya madzulo ndikaweruka. A Limbani, kalemba ka pull ndi restart kaja, migrate ibwere Celery itazima kale kapena zilibe kanthu?

Limbani: Zimitsani kaye zonse ziwiri, kenako pull, pip install, migrate, pomaliza start. Worker wakale asagwire task pa matebulo amene akusinthidwa. Pamwamba pa kalembako muike `set -e` kuti migrate ikalephera kaime pomwepo, kasayatse seva pa database yosintha theka.